Nthengu ndi Mluzu wa Zuze

Padali chaka china, chaka cha madzi aakulu, pamene anthu a mudzi wa m'mbali mwa mtsinje adachoka pa mabwato nasiya agalu ndi amphaka awo. Sadawasiye chifukwa cha nkhanza. Eni mabwato adati malo ndi a anthu ndi mbewu basi, wofuna galu wake atsale naye. Palibe adatsala.

Madzi ataphwa, agalu ndi amphaka opulumuka adayamba kuyendayenda m'tchire, owonda, akununkha matope. Nyama zidakadandaula kwa mfumu Njovu, ndipo mfumuyo idatuma nduna yake, Mng'azi, kukalengeza chigamulo pa bwalo.

"Mfumu yatere," adayamba Mng'azi. "Awa ndi a anthu, ndipo dzulo lomweli amatipirikitsa. Tiwathamangitsire m'madzi atsatire eni ake. Koma ngati alipo wofuna, awasunge ngati choikiza mpaka apezeke wowatenga, kapena eni ake abwere. Asasake. Wosungayo azilandira chakudya cha m'nkhokwe ya mfumu."

Pa bwalo lonse palibe adadzipereka. Koma mawu akuti nkhokwe adalowa m'khutu la Nthengu, mbalame yakuda ya mchira wa mphanda, imene imatha kulankhula ndi mawu a wina aliyense.

"Wawa nduna, ndiwasunga ine."

"Iweyo? Thupi lako lonse silingadzaze pakamwa pa galu mmodzi."

"Azidya za mfumu, wawa. Ine ndizingoyang'anira."

Ena pofotokoza nkhaniyi amati Nthengu adagwidwa chifundo. Tisamunamizire. Iye adaona kuti pa chakudya cha mfumu padzakhala potapa. Chakudyacho chidabwera kamodzi, madeya ofumbwa, ndipo sichidabwerenso. Atakafunsa, Mng'azi adati nkhaniyo ili m'manja mwa akuluakulu. Apa nkuti alendo atadzaza kale pansi pa mtengo wa Nthengu, tiana tagalu tikumutcha mayi, ndipo kuwabweza kudamukanika.

Choncho adawadyetsa ndi zimene ankadziwa. Akaona Msulu wafukula mazira, ankabisala nkulira ngati kabawi, Msulu nkutaya zonse nkuthawa. Akaona Katumbu wavuula nsomba, ankapuma ngati Ng'ona m'bango, Katumbu nkuiwala nsomba. Pogawa chakudya ankatsogolera nyimbo. Iye ankafunsa mlendo aliyense kuti ndi wa yani, onse nkuvomera kuti pano ndi pongopumira, mwini wawo ali kutsidya. Nyimboyo inkathera pa mawu onena za bwato limene likubwera, ndipo pamenepo agalu ankakweza mawu mpaka amphaka nkutseka makutu.

Kupezera alendo ake malo ankachitanso mwa njira yomweyo. Adalira ngati makoswe pansi pa nkhokwe ya mfumu mpaka Mng'azi adabwera yekha kudzapempha amphaka anyamata. Adauza Nkhanga kuti chaka chino akuba mazira achuluka, ndipo Nkhanga adatenga tiana tagalu. Aliyense akachoka, Nthengu ankati, "Pakamwa pachepa," kenako nkukhala pa nthambi mpaka dzuwa kupendeka.

Adatsala awiri. Wina adali Nagama, mphaka wokalamba wa diso limodzi, amene aliyense womuona ankati ayamba wakaganiza. Wina adali Kamphepo, galu wa mlenje Zuze. Kamphepo sadabwere nkomwe ku mtengo. Adagona pa bwinja, pa mulu wa dothi pamene padali nyumba ya mbuye wake, ndipo chakudya ankangochiyang'ana.

"Achimwene, idyani," adatero Nthengu.

"Ndimadya mbuyanga akandiitana."

"Mbuyanu ali kutsidya."

"Ndiye ndidzadya akabwera."

"Musiye," adatero Nagama pobwerera. "Agalu ndi otero. Ife tinkakonda nyumba. Nyumba inagwa, nkhani inatha. Iwo amakonda munthu, chinthu cha miyendo."

"Afatu ameneyu."

"Afe. Pakamwa pachepe, si mawu ako omwe?"

Tsiku la mabwato lija Nthengu adaliona ndi maso ake. Adaona Zuze atanyamula galuyo pa chifuwa, mwini bwato akukana, Zuze nkumutsitsa. Ndipo mluzu wa Zuze ankaudziwa, poti adaumva m'mawa uliwonse ali pa denga la khola. Udali mluzu wautali, wokwera, wothyoka kumapeto, chifukwa Zuze adalibe dzino limodzi lakutsogolo. Poyambira pake Nthengu ankapatha bwinobwino. Pothyokapo pankamukanika, pakuti mlomo wa mbalame ulibe dzino loti nkuguluka.

M'mawa mwake adakulunga nsomba ya Katumbu m'masamba, naiika m'mphepete mwa madzi. Adalowa m'bango naimba mluzu.

Kamphepo adadzambatuka. Adathamanga, kugwa, kudzuka, kuthamanganso. Pofika adapeza nsomba ndi Nthengu ali pambali akudzikonza nthenga.

"Ali kuti?"

"Mwachedwa pang'ono, achimwene. Mwini bwato anakana kudikira. Wakusiyirani iyi, ndipo wati muzikhala kwa ine mpaka adzabwerenso."

Galu adanunkhiza pansi, nanunkhiza masamba. "Fungo lake silikumveka."

"Sanatsike. Anaimirira m'bwato nkuponya. Ndipo manja ake anali onyowa, mukudziwa mmene madzi amachitira ndi fungo."

"Anandifunsa?"

"Anafunsa ngati mukudya. Ndinachita manyazi poyankha."

Kamphepo adadya nsombayo mpaka minga. Tsiku lomwelo adatsatira Nthengu ku mtengo, ndipo pa nyimbo ija adavomera mokweza kuposa mmene gulu lonse linkachitira lisanabalalike.

"Wamudyetsa chiyani?" adafunsa Nagama monong'ona.

"Nsomba."

"Nsomba yokha siimbitsa galu chonchi."

Mnofu wa galuyo utayamba kubwerera, Nthengu adapita kwa Nguluwe, mwini minda, amene Anyani ankamuvutitsa.

"Ndakupezerani mlonda, bambo. Galu ameneyu anapirikitsapo Kambuku."

"Nanga nthiti zikuonekazi?"

"Ndi za liwiro. Galu wonenepa amalondera tulo."

Nguluwe adavomera, koma Kamphepo adakana. "Mbuyanga anati ndikhale kwa inu. Akabwera adzandipeza kuti?"

Nthengu adaganiza za njala ya pakhomo pake, naganiza za nkhokwe za Nguluwe. M'mawa mwake mluzu udamveka kuseri kwa munda wa Nguluwe, mbali ya kumtsinje. Galu adafika ali wefuwefu, napeza Nthengu yekha.

"Mwachedwanso, achimwene. Wati mugwire ntchito kwa Nguluwe, adzakutengerani konkuno."

"Bwanji sakundidikira?"

"Mwini bwato uja ndi wouma mtima. Munamuona nokha."

Galu adayang'ana kumtsinje. "Mluzu wake sukuthyoka ngati kale."

"Kumene aliko akudya bwino. Mpweya wachuluka."

Kamphepo adayamba ntchito. Koma adasankha kulondera pomwe padamvekera mluzu paja, nkhope kuloza kumtsinje, makutu ali tcheru. Anyani adazindikira msanga. Adalowera mbali inayo nakolola chimanga mosafulumira, ena mpaka kukhala pansi nkumasenda. Nguluwe adamubweza yekha, khutu limodzi la galuyo litang'ambika.

"Munandipatsa mlonda kapena chitsa?" adakalipa. "Tengani katundu wanu. Ndipo mukadzabweranso ndi nkhani za Kambuku, ndidzakuthotholani mchirawo."

Nthengu adatsuka bala, natsogolera nyimbo. Kamphepo adavomera, koma motsitsa, ngati woganiza zina. Nyimbo itatha adati, "Mbuyanga wabwera kawiri, ine ndachedwa kawiri konse. Ndakalamba. Ndikumuvutitsa munthu."

"Adzabweranso, musadandaule."

"Asavutike. Ndipita ndine."

Nthengu adayesa ndi nkhani chabe. Koma kutacha Nagama adamudzutsa. "Mlendo wako wapita kumadzi."

Adamupeza atalowa kale, mutu wokha ukuoneka, akulunjika kutsidya. Chapatali pang'ono Ng'ona idali itatsetsereka kuchoka pa mchenga.

"Ng'ona! Achimwene, Ng'ona!"

Galu sadatembenuke. Adali atamva Nthengu akuopseza ena ndi Ng'ona kambirimbiri, ndipo nthawi zonse pamapeto pake pankakhala nsomba ya Katumbu. Nthengu adayang'ana pobisala, koma pamalopo padali bango limodzi lokha lopanda masamba. Adatera pomwepo naimba mluzu.

Mutu uja udatembenuka. Galu adasambira kubwerera ndi mphamvu zimene palibe ankadziwa kuti akadali nazo. Ng'ona idayandikira, ndipo Nthengu sakadatha kuleka. Adaimba, naimbanso, mpaka galu adaponda matope, nsagwada za Ng'ona nkuwomba madzi okha kumbuyo kwake. Kamphepo adakwera pamtunda, mchira ukugwedezeka, maso akusakasaka. Adapeza mbalame yakuda pa bango, mlomo uli chitsegukire, mluzu ukutha kutuluka.

Mchira udaleka kugwedezeka.

"Imbaninso," adatero.

"Achimwene..."

"Imbaninso, ndimve."

Nthengu adaimba, motsitsa.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira tsiku la nsomba ija."

"Ndiye kuti sanabwerepo."

"Mukanafa, achimwene."

"Inde," adatero galu. "Ndikanafa."

Adadzikutumula madzi nayenda kupita ku mtengo. Kumeneko adadya osaitanidwa. Kuyambira tsiku limenelo ankadya chilichonse chimene wapatsidwa, ndipo ku bwinja sadapondekonso. Nthengu akatsogolera nyimbo, ankavomera ndi Nagama yekha, ndi mawu ake okhadzula. Galu ankangotafuna.

"Wachira," adatero Nagama.

"Ukuona choncho?"

"Akudya. Umafuna chiyani china?"

Pasadapite nthawi Msulu ndi Katumbu adakumana, nafotokozerana za kabawi wosaoneka ndi Ng'ona yosasiya mapazi. Adakasuma, ndipo Nthengu adaitanidwa. Pochoka adati, "Ndapita ku bwalo, ndili ndi mlandu." Galu sadadzutse mutu.

"Kodi iwe ndiwe kabawi?" adafunsa Mng'azi.

"Ayi, wawa."

"Ndiwe Ng'ona?"

"Mukundiona nokha, wawa."

"Nanga ukuliriranji ndi mawu a eni ake?"

"Ndikudikira chakudya cha mfumu, wawa. Podikira pakamwa pamayabwa."

Ena adaseka. Mng'azi adafufuma khosi kuti ayankhe, koma asanatero kudamveka mluzu kuchokera ku bwinja. Udali wautali, wokwera, ndipo kumapeto udathyoka.

Nthengu adauzindikira pomwepo. Adauluka.

"Bwerera! Mlandu sunathe!" adafuula Mng'azi.

Zuze adali ataima pa mulu wa dothi uja, wowonda kuposa kale, m'manja muli mlamba wouma. Pa gombe padali bwato, mwini wake atagwira nkhafi. Zuze adaimbanso mluzu, natchera khutu. Nthengu nayenso adatchera khutu, kuyembekeza kumva mapazi kuchokera ku mtengo. Kudalibe.

"Changu, Zuze!" adakuwa mwini bwato. "Ndinakuuza kuti galu sangakhale moyo mpaka lero."

"Ndiimbe kamodzi kokha."

Njira yolunjika idalipo, ndipo Nthengu adaiona. Kudali kuulukira ku mtengo, kukatera pamaso pa Kamphepo mlomo uli chitsekere, kuti mluzu womalizawo ukamveka galuyo aone yekha kuti sukuchokera kwa mbalame. Koma munthu adali atayamba kale kuyang'ana ku bwato, ndipo nzeru za Nthengu zidathamangira kumene zidazolowera. Adati amugwire munthuyo kaye, amukokere ku mtengo tchire ndi tchire. Adalowa m'chitsamba nauwa ndi mawu a Kamphepo.

Zuze adaponya chipewa pansi. "Kamphepo! Mwana wanga, uli moyo?"

Adathamangira ku chitsamba. Nthengu adauluka chapansipansi kupita ku china, akuuwabe. Koma Zuze adali mlenje, maso ake ozolowera kugwira chilichonse chotuluka m'tchire. Adaona mbalame yakuda ikuuluka, kuuwa kwa galu wake kukutuluka pa mlomo pake.

Adaima chilili. "Malodza!"

"Nchiyani?" adafunsa mwini bwato.

"Mbalame ikuuwa ndi mawu a galu wanga. Anafa. Mawu okha ndiwo anatsala m'tchire muno."

"Tiye, iwe. Malo ano aipa."

Zuze adabwerera pa mulu, naika mlamba uja pansi. "Idya komwe uliko," adatero, ndipo mluzu womaliza uja sadaimbenso. Nthengu adamuzungulira pamutu, kumuuza kuti galu ali moyo, ali pafupi, adikire pang'ono. Koma munthu samva chilankhulo cha mbalame. Nthengu adayesa mluzu, ndipo Zuze adatola chibuma namugenda. Bwato lidachoka. Nthengu adalitsatira mpaka pakati pa mtsinje, anthu awiriwo osayang'ana m'mwamba, mpaka mapiko adamuuza kuti abwerere.

Ku mtengo adapeza Kamphepo ali chigonere, mutu uli pa miyendo yakutsogolo. Nagama adali chapatali, diso lake limodzi lili pa Nthengu.

"Mlandu watha msanga," adatero galu.

Nthengu adatera, mpweya ukumuthera. "Achimwene, mverani..."

"Lero mwakhoza, chemwali. Mpaka pothyoka paja. Mwaphunzira liti?" Galu adalankhula mopanda mkwiyo. "Miyendo yanga inadzuka yokha, ndinachita kuigoneka. Nagama amati ndipite, akuti inu muli ku bwalo. Ndinamufunsa kuti wanena zoti muli ku bwalo ndani."

Galu adayang'ana Nthengu.

"Musadzachitenso. Si ndikudya? Palibenso chifukwa. Ndikudziwa kuti mumachitira ine, koma zimapweteka."

Nthengu adatsegula mlomo. Mawu onse a m'tchire adali nawo, a kabawi, a Ng'ona, a makoswe, a munthu. Adayang'ana galuyo, khutu long'ambika, nthiti zimene zidangoyamba kubisika, naganiza za madzi ndi Ng'ona imene idakali pa mchenga.

"Sindidzachitanso," adatero.

Galu adatseka maso.

Nthengu atanyamuka, Nagama adamutsatira mpaka pamene galu sakadamva.

"Unali iwe?"

"Ndinali ine."

"Mlomo wako ulibe dzino, mnzanga."

Nthengu adayang'ana ku bwinja. Kenako adati, "Ku bwinja kuli mlamba. Ukununkha dzanja la munthu. Tiye ukandithandize kuukokera m'madzi mphepo isanatembenuke."

Adaupeza pomwepo, waukulu, wamafuta. Pakhomo padalibe chakudya tsiku limenelo. Nagama adameza mate.

"Bwanji ndingodya ine?"

"Adzakununkhiza."

Adaukoka awiriwo, wina ndi mano, wina ndi mlomo, mpaka madzi adautenga. Mapazi a Zuze adawasiyira mvula.

Chifukwa chothawa pa bwalo, Mng'azi adagamula Nthengu palibe. Adati chakudya cha mfumu chathetsedwa, ndipo alendo awiri otsalawo salinso choikiza, ndi ake a Nthengu mpaka imfa. Msulu ndi Katumbu adachenjera, choncho Nthengu amapita kutali kukafuna amene sanamvebe za kabawi wake. Pogawa chakudya amatsogolerabe nyimbo ija, Nagama nkumavomera akafuna, koma mawu omaliza aja adawachotsa.

Nthano yafika pamene ikutula katundu. Kamphepo akadali pansi pa mtengo wa Nthengu. Amadya, amagona, ndipo bwato silidabwerenso.